Wotchi ya Bambo wa pa Bedi ya Kuzenera

Misozi, tsiku lija unkandithandiza kusanja mapepala a penshoni unapeza kalata m'faelo yanga. Kalatayo imanena kuti ine, Sisita Tembo, ndinatulutsa katundu wa wodwala m'chipatala popanda chilolezo. Unaiwerenga mpaka pansi, unandiyang'ana, kenaka unaibisa pakati pa mapepala ena. Ndikudziwa kuti unakauza alongo ako, chifukwa Dalitso atabwera pa Khirisimasi ankangoyamba nkhani n'kuisiyira panjira. Kalatayo sinama. Katunduyo ndinamutulutsadi. Ndalemba izi kuti ana anga nonse atatu, iwe, Dalitso ndi Chikondi, mudziwe mmene zinayendera, ndipo kuti zimveke ndiyenera kuyambira kumene ndinayambira ntchito.

1983 mpaka 1988: kwa Shikabeta

Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi pamene galimoto ya boma inanditula pa kachipatala ka kumudzi m'dera la Shikabeta, ine ndi tiranki yanga, mbaula ndi matiresi omanga ndi chingwe. Kachipatalako kanali ka zipinda zitatu. Mkulu wake anali Sisita Mweemba, mayi wamtali wa ku Monze, amene sankakweza mawu koma tonse tinkawaopa. Sanandifunse za ulendo kapena za masatifiketi. Anandigwira dzanja lamanzere n'kulitembenuza.

"Nkoloko ili kuti?"

Ndinati wotchi ndilibe, ndidzagula ndikalandira.

"Nanga mtima wa munthu uzaupenda na chani? Na dzuwa?"

Pakhoma panalibe wotchi. Yawo yaing'ono, yopachika pachifuwa, ndiyo inali nthawi ya chipatala chonse, ndipo akapita pa njinga kukabaya ana katemera kumidzi, nthawi inkapita nawo. Tsiku lina atachoka choncho kunabwera mayi woyembekezera amene anali atavutika kuyambira dzulo lake. Ndinaika kalipenga pamimba pake, mtima wa mwana ndinaumva, koma sindinathe kudziwa ngati ukuthamanga kapena ukutsika. Ndinkawerenga m'mutu, n'kusokoneza, n'kuyambiranso. Mwanayo anabadwa wamoyo koma wotopa kwambiri. Sisita atabwera anamva nkhani yonse ali chilili, ndipo anangoti, "Lelo Mulungu wakugwilila nchito. Usamuzoloweze."

Zaka zimenezo zinthu zinkasowa. Majakisoni tinkawiritsa m'sefuliya, parafini wa furiji ya katemera tinkayeza ndi kapu, sopo tinkamudula tizidutswa ndi mpeni. Mabatire a wotchi kwathu sankafika n'komwe. Choncho ndinagula wotchi yopukusa ndi dzanja kwa munthu wina wobwerera kumigodi. Inayenda milungu iwiri n'kuima.

Amene anaidzutsa anali wodwala wathu, a Chipungu, wa mtundu wa Asoli a komweko, amene anakhala zaka zambiri ku Kitwe akukonza mawotchi pakhonde la sitolo. Anabwerera kwawo ndi chifuwa chachikulu. Masiku amenewo mankhwala ake anali jakisoni tsiku ndi tsiku kwa miyezi iwiri, ndiye anamanga kachisakasa kuseri kwa chipatala kuti asamayende mtunda. M'mawa ine ndinkawabaya, masana iwo ankandiphunzitsa. Anatsegula wotchi yanga ndi nsonga ya kampeni, n'kundipatsa kagalasi ka padiso.

"Mwanawe, nkhope ya nkoloko ni boza," anatero. "Nkhope aliyense angapente, angalembepo dzina iliyonse. Ukafuna kuidziwa, ona matumbo."

Pankhope ya wotchi yanga panalembedwa kuti ndi ya ku Swizalandi, koma m'kati munali makina otchipa opanda ndi kamwala komwe. Anatsegula yawo kuti ndisiyanitse. Anandionetsa timiyala tofiira tomwe timapini ta magudumu timazunguliramo, dzina la dziko lodindidwa pa chitsulo penipeni, ndi kanambala kobisika pansi pa kagudumu kamene kamapita uku ndi uku osapuma. Za ku Rasha, anati, n'zolemera ndi zaphokoso koma sizifa msanga. Za ku Japani uzidziwa ndi ukhondo wa m'kati. Zambiri zodzera ku India zimabwera ndi nkhope zopentanso, zowala kuposa msinkhu wake. Kenaka anatembenuza chivundikiro cha kumbuyo n'kundilozera timizere tokanda ndi singano m'kati mwake. Wokonza wotchi aliyense amasiya chizindikiro chake pamenepo pamodzi ndi chaka, kuti ikadzabweranso adzaizindikire. Chawo chinali kakhasu.

Panali mtundu umodzi umene ankaukamba ngati munthu wokamba za mkazi amene anamukana ali mnyamata. Inali wotchi yodzipukusa yokha, yakale kwambiri, yopangidwa ine ndisanabadwe. M'zodzipukusa zimene tinazolowera muli kachitsulo kolemera kamene kamazungulira mkombero wonse mkono ukamayenda. M'zakalezo kachitsuloko sikankamaliza mkombero. Kankagunda kasipuling'i n'kubwerera. "Uimvela pa dzanja," ankatero a Chipungu. "Igogoda, monga muli munthu mukati." M'zaka zawo zonse ku Kitwe anakonzapo ziwiri zokha. Chifuwacho anachira, anakhalanso zaka zitatu akulima. Kagalasi ka padiso anasiyira ine.

1988 mpaka 2011: kutsata makalata

Nditakwatiwa ndi atate anu tinayamba kuyenda kumene makalata a boma atilozera. Iwo akatumizidwa kusukulu ina, ine ndinkapempha chipatala chapafupi, nthawi zina n'kupatsidwa, nthawi zina n'kukhala motalikirana chaka chathunthu. Tinakhala kufupi ndi Mpanshya, tinapita ku Chongwe, tinabwereranso. Mabwana ndinawaona ambiri. Kwina kunali wina amene ankakhoma kabati ya mankhwala n'kupita kumunda ndi kiyi m'thumba, ife n'kumatuma munthu pa njinga kukamufuna m'chimanga. Analiponso wina amene mwana akamwalira ankatuluka panja n'kukatsamira khoma, ndipo tinkamusiya mpaka abwerere yekha. M'zaka za m'ma 1990 tinataya anthu ambiri, anamwino anzanga ena ali m'gulu lomwelo. Za zaka zimenezo sindikonda kukamba.

Mawotchi anayamba kudzandipeza nthawi yomweyo. Zitabwera za pulasitiki zoonetsa manambala, anthu anayamba kunyoza zopukusa. Amuna ankabwerera kuchokera kumigodi ndi kunjanji kudzafera kumudzi, ndipo wotchi inkatsala m'chitini cha mabatani, itaima. Ndikapita kukaona odwala kumakomo ndinkafunsa. Ena ankandipatsa chabe, ena tinkasinthana ndi chitenje kapena nkhuku. Lamulungu tikabwera ku Misa ndinkayala nsalu yoyera pa tireyi n'kuyamba kutsegula. Sindinakhalepo wokonza weniweni. Ndinkatha kutsuka, kuthira mafuta ndi nsonga ya singano, ndi kusintha sipuling'i ngati ndapeza yofanana. Chimene chinkandikoka chinali kudziwa kuti iyi ndi ya kuti, ya zaka ziti, nanga yadzera m'manja mwa yani. Ndinali ndi kope la kusukulu mmene ndinkajambulamo zizindikiro za okonza: mtanda, nyenyezi, zilembo ziwiri, nsapato. Atate anu ankaima pakhomo atavala kale jekete n'kumati, "Nyumba ino ili na nkoloko makumi atatu, koma ku chalichi ndise otsiliza kufika." Atamwalira mu 2006, masana a Lamulungu akanandipha pakadapanda tireyi ija.

M'kopemo munali chizindikiro cha kansomba chimene ndinachipeza m'mawotchi atatu. Onse atatu anachokera kwa anthu a kumunsi, cha ku mlatho wa Luangwa. Mayi wina wamasiye anandiuza kuti kansomba ndi a Daka, okonza pa msika wa pamlathopo. Ndinalemba dzinalo pambali pa chithunzi, koma munthuyo sindinamuonepo. Wotchi yogogoda ija ndinaifuna zaka zonsezi osaipeza. Kamodzi ndinapalasa njinga theka la tsiku nditamva kuti kuli mkulu wina ali nayo. Nditatsegula ndinapeza kuti chogogodacho chinali kasikuluwa komasuka.

2013: chaka chotsala chimodzi

Ntchito ndinamalizira pa chipatala china cha m'mbali mwa msewu waukulu wa ku Chipata, dzina lake sinditchula. Rufunsa inali itangokhala boma payokha, ndipo kunabwera antchito ambiri atsopano ochokera ku Lusaka. Mkulu wathu anali ba Mulenga, mwamuna wa msinkhu wa Dalitso, wodziwa ntchito yake, wosalola kanthu kudutsa kosalembedwa. Ankanditcha mami. Kwa ine kunali kutatsala chaka chimodzi kuti ndipume.

M'mwezi wa Febuluwale amayi ogulitsa makala pa siteji anabweretsa mkulu wina pa wilibala. Anati anatsika basi yopita ku Lusaka akudzandira, anakhala pansi pa mtengo, basi n'kupita ndi chikwama chake. Analibe chitupa, analibe foni. M'thumba la jekete munali mpango ndi tikiti yonyowa yosawerengeka. Inali sitiroko. Mbali yonse yamanja inali itafa, pakamwa patapindika, mawu atapita. Tinamupatsa bolopeni kudzanja lamanzere, koma matendawo anali atatenga ndi zilembo zomwe, anangokanda mizere n'kuiponya pansi. Maso okha ndiwo anali amoyo, ankatsata aliyense wolowa pakhomo. Apolisi anabwera, analemba, anafunsa oyendetsa mabasi, koma sanapezeke womudziwa. Tinamugoneka pa bedi ya kuzenera, ndipo limenelo linasanduka dzina lake.

Pa mkono wamanzere anali ndi wotchi. Tsiku loyamba tinafuna kuivula kuti tikaikhomere m'kabati monga mwa lamulo, koma anabangula mpaka ana a m'wodi ina anayamba kulira. Ba Mulenga anati tiisiye, n'kulemba m'buku la katundu kuti wotchi imodzi yakale ili pa wodwala. Ine sindinaiyang'anitsitse. Inali yaing'ono, galasi lokandikakandika, lamba wa chikopa cha mbuzi wosoka pamanja. Tsiku lachitatu ndikumusambitsa ndinakweza mkono uja kuti ndipukute m'khwapa, ndipo ndinamva kanthu kakugunda m'dzanja langa. Ndinatsitsa mkono, kanagundanso. Ndinasiya thaulo m'beseni.

Ana anga, apa ndinene zoona. Ganizo loyamba limene linandibwerera silinali la munthu wogona pamaso panga. Ndinaikhumba wotchiyo. Zaka makumi atatu ndikuifuna, lero yabwera yokha pa wilibala. Ndipo pambuyo pake panabwera ganizo lina loipa kuposa loyambalo, lakuti munthuyu akamwalira wopanda mbale, wotchiyi idzapita kuti? Ndinamaliza kumusambitsa ndikulephera kumuyang'ana m'maso.

Panapita milungu itatu. Phala ndinkamudyetsa ine, ndikakhala kulibe ankamudyetsa amayi odikirira odwala ena. Inali nthawi ya mvula, malungo ali pachimake, ana awiriawiri pa bedi imodzi, ena pa matiresi pansi. Lolemba lina ba Mulenga anandiitana n'kundiuza kuti Lachisanu ambulansi ikamapita ku Lusaka itenga bambo wa kuzenera. Sanalakwe. Kumeneko kuli makina ounikira mutu, kuli ophunzitsa ziwalo kuyendanso, ndipo bediyo tinkaifuna. Koma ine ndinkadziwanso kuti Lusaka ndi yaikulu. Munthu wopanda dzina, wopanda womudikirira, wosatha kunena kuti ndili ndi ludzu, akapita kumeneko ndiye kuti wachoka pa msewu umene abale ake akanadzamufunira.

Ndinapempha kuti titsegule wotchiyo ba Mulenga ali pomwepo ngati mboni, ndipo anavomera. Ndinabwera ndi kagalasi ndi kampeni. Ndinayamba ndavula yanga, ndinaitsegula mkuluyo akuona, ndinaitsekanso, ndinaiika pakhutu pake kuti amve kuti ikuyendabe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatambasula mkono. Chivundikiro chitachoka ndinaona chimene a Chipungu ankakamba, kachitsulo kooneka ngati kankhwangwa, tisipuling'i tiwiri mbali ndi mbali, timiyala tofiira, dzina la dziko la Swizalandi pa chitsulo. Nditatembenuza chivundikiro ndinapeza zizindikiro zitatu. Ziwiri zinali zakale, zosadziwika kwa ine. Chachitatu chinali kansomba, pambali pake 09.

Ba Mulenga anayesa kujambula ndi foni yawo, koma pa chithunzi pankangotuluka kuwala. Ndinati Lachitatu ndili pa ofu, andilole ndipite nayo kumlatho kwa a Daka.

"Mami, nimveleni bwino," anatero titatuluka pakhonde. "Iyo ni katundu ya wodwala, ili mu buku. Ikadutsa pa geti ni kuba, olo muibweze. Mwasala na chaka chimodzi chabe. Mufuna mutaye vonse chifukwa ya nkoloko?"

"Nanga a Daka nizawauza chani? Kuti kuli nkoloko ya kansomba? Za kansomba ni zambili, mwana wanga. Afunika aigwile."

"Tizalembela apolisi, aipeleke beve."

"Pofika Chisanu?"

Anayang'ana mvula ikudontha pa malata. Kenaka anati, "Ine nakana. Mukachita, nizalemba. Musakambe ati sininakuuzeni."

Lachiwiri ndinagwira ntchito ngati munthu wa malungo. Chikondi anali adakali ku koleji. Nyumba ino inali isanafoleredwe. Zonse zinkadalira kuti ndituluke pa ntchito ndi dzina loyera. Wotchi ikanatayika m'basi, kapena wina akanandilanda, ndani akanakhulupirira kuti mayi wodziwika m'boma lonse ndi chitini cha mawotchi anaitenga chifukwa cha chifundo? Ndinadzifunsanso ngati ndikupitira munthuyo kapena ndikungofuna kukhala nayo tsiku limodzi m'manja mwanga. Ndinayesa kulekanitsa ziwirizo, ndinalephera. Mpaka lero sindinganene kuti mtima wanga unali woyera mbali zonse.

Lachitatu m'mawa ndinapita pa bedi ya kuzenera nditavala zakunyumba. Ndinagwada kuti nkhope zathu zilingane.

"Atate, nifuna kuyenda nayo nkoloko yanu ku Luangwa, kuli munthu amene anaikonza. Mwina akudziwani. Nizabwela nayo lelo lomwe. Mukakana, nizaisiya."

Nditatchula Luangwa maso ake anatseguka kwambiri. Anakweza mkono n'kuyamba kukoka lamba ndi mano. Ndinamuthandiza kumasula, ndipo pamalo pake ndinamuveka yanga. Yake ndinaikulunga m'mpango n'kuiika m'kamisolo.

Basi inatsika mapiri aja pang'onopang'ono, mabuleki akununkha. Pamlatho kunali kotentha ngati mvula sikudziwako. Ndinadutsa pakati pa milu ya nsomba zouma ndi madengu ndikufunsa, mpaka anandilozera kantemba kodzaza mawailesi ndi mafoni akufa. A Daka anali mkulu woonda, wa magalasi okhuthala omanga ndi waya. Nditamasula mpango sanatsegule n'komwe wotchiyo. Anaiika pachikhatho, anapendeketsa dzanja kawiri, nkhope yawo n'kusintha.

"Amai, mwaitenga kuti iyi?"

Anafunsa mokweza, moti ogulitsa nsomba anatembenuka. Ndinatulutsa khadi langa la ntchito n'kufotokoza zonse.

"Ali moyo?"

"Ali moyo, koma sakamba."

Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Iyi ni ya a Mumba. A Feleshano Mumba. Anali kuphikila mzungu pa famu ku Chisamba, pochoka ndiye anawapatsa. Inabwela kuno sipuling'i itaduka. Ninawauza ati isiyeni mubwele pa sabata, anakana. Anankhala pa benchi apo kuchoka kuseni mpaka dzuwa kungena, maso pa manja yanga. Munthu uja kuti aivule, ndiye kuti vinthu vavuta."

Mudzi wawo unali m'njira ya ku Feira. A Daka anaitana mayi wina wogulitsa madengu wochokera komweko, ndipo iye anali ndi nambala ya mwana wamkazi wa a Mumba, dzina lake Rozina. Ndinaimba ndili chiimire padzuwa. Nditafunsa ngati atate ake ali pakhomo, anayankha mosadandaula konse.

"Atate ali ku Lusaka kwa alongo anga a Yosefe. Ni sabata yachitatu manje. Ndimwe ndani?"

Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake panalibe wofunafuna. Rozina anandifotokozera akulira. A Mumba ndi mwana wawo Yosefe anali asanalankhulane zaka zisanu ndi chimodzi. Yosefe anakwatira mkazi wa mtundu wina amene atate ake sanamufune, ndipo a Mumba anakana kupita ku ukwati, anakananso kuti mkaziyo aponde pakhomo pawo. Ndiye kunamveka kuti kwabadwa mwana wamwamuna ndipo amutcha Feleshano. Mkuluyo anakhala masiku angapo osadya bwino. Kenaka anavala jekete n'kuuza akazi awo kuti akupita ku Lusaka, asaimbe foni, asauze Yosefe, adzabwera akamaliza kukamba. Kumudzi ankati ali ku Lusaka. Ku Lusaka sankadziwa kuti ananyamuka.

Ndinafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Ba Mulenga anali pakhomo la wodi, buku la katundu lili m'khwapa. Ndinawapempha kuti andilole ndiyambe ndalowa, ndipo anapatuka. Ndinavula wotchi yanga pa mkono wa mkulu uja, ndinamuveka yake, ndinamanga lamba. Kenaka ndinati, "A Mumba. A Feleshano Mumba, mwachoma bwanji?"

Ndamvapo anthu ambiri akulira m'zaka zanga za ntchito, koma kulira kuja sindinakumvepo. Kunatuluka mbali imodzi ya pakamwa, kopanda mawu, thupi lonse likugwedezeka. Anandigwira dzanja osalisiya. Amayi odikirira odwala anaimirira pambali pa mabedi onse n'kuyamba kubwereza dzinalo, wina kuuza mnzake, a Mumba, a Mumba. Nditatembenuka ndinaona ba Mulenga akufufuta mawu akuti wosadziwika pa khadi la kumutu kwa bedi.

Kalata ija anandipatsa m'mawa mwake mu ofesi, chitseko chili chotseka.

"Mami, ninakuuzani."

"Munaniuza. Nipatseni bolopeni."

Ndinasaina. Musawasungire mangawa ba Mulenga. Namwino aliyense atati azinyamula katundu wa anthu osatha kulankhula chifukwa iye waona kuti n'koyenera, palibe wodwala angagone mtima uli m'malo. Kalatayo inapita ku boma. Anandichotsa m'wodi n'kundiika ku chipinda chobayira jakisoni, kumene ndinamalizira chaka changa, ndipo kukwezedwa kumene ndinkayembekezera ndisanapume sikunabwere. Penshoni sanaikhudze. Wotchi ija sindinaigwirenso.

Tsiku lomwelo masana anafika Rozina ndi amayi ake, mayi wamfupi wokalamba, atanyamula kapoto ndi bulangete. Anaima kumiyendo kwa bedi n'kuyang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sanalire. Anakhala pansi, anawakonza kolala ya malaya, n'kunena motsitsa mawu, "Imwe, masabata yatatu ine nili kukamba ati muli kudya mpunga ku Lusaka, mwaniiwala." A Mumba anayesa kuyankha, koma kunangotuluka mpweya. "Khalani chete," anatero mayiwo. "Mwakamba kale vambili pa umoyo wanu."

Lachisanu ambulansi inayenera kunyamuka 10 koloko. Tsopano zinali bwino kuti apite, popeza anali ndi dzina ndi owadikirira. Ndinapempha kuti ndiwadyetse phala komaliza. Ndili pakati powadyetsa ndinaona mthunzi pazenera. Panja panaima mwamuna wovala yunifomu ya ulonda, chipewa chili m'manja, ndipo kumbuyo kwake kunali mayi wobereka mwana. Rozina anali atawaimbira foni, ndipo anabwera ndi basi yoyamba. Mwamunayo ankayang'ana atate ake kudzera pagalasi, koma miyendo yake sinkasuntha. Anaima choncho mpaka ndinayamba kuganiza kuti abwerera.

Amayi ake anadzuka, anatsegula zenera.

"Yosefe, ngena. Ulendo uyu unali wobwela kuli iwe."

Analowa, anagwada pambali pa bedi n'kuika mutu pa matiresi. A Mumba anaika dzanja lamanzere pamutu pake. Kenaka anakweza maso n'kuyang'ana kukhomo, kumene mkazi uja anatsalira, osadziwa ngati akuloledwa kuyandikira. Anachotsa dzanja pamutu pa mwana wawo n'kumukodola. Mayiyo anabwera pang'onopang'ono, anamasula chitenje, anatsitsa mwana n'kumukhazika pachifuwa pa agogo ake. Mwanayo anagwira mphuno ya mkuluyo n'kuikoka, ndipo wodi yonse inaseka.

Ine ndinali ndidakagwira kapu, phala likuzizira. Mkazi wa Yosefe anapukuta manja pa chitenje n'kutembenukira kwa ine.

"Ba Sisita, lekani. Nizawadyesa ine, ni ba tata banga."

Ndinamupatsa kapu ndi supuni. Ndinamuonetsa kuti azilowetsa phala mbali yamanzere ya pakamwa, pang'onopang'ono, ndipo azidikira ameze kuti asatsamwe. Supuni yoyamba inatayikira pachibwano, anapukuta ndi chala. Yachiwiri a Mumba anameza. Ndinawasiya choncho n'kupita kukaona ana a malungo.